Mphaka waulere wandidyera malipiro ku England

Abale amene muli kumudzi, mukamaona zithunzi zathu pa Facebook tili ndi amphaka pasofa, musamasirire.

Wanga ndinapatsidwa ndi ana a agogo ena amene ndinkawasamalira, agogowo atatisiya. Ankati ndi waulere, wazaka 13, wathanzi. Posakhalitsa anayamba kudya mosakhuta koma akuwonda, msana kutuluka mafupa, madzi kumwa pafupipafupi, usiku kulira osagona. Kwathu tikanangoti ndi njoka zam'mimba. Dokotala wa ziweto anamugwira pakhosi, kumvera mtima ukuthamanga, n'kunena kuti ayeze homoni ya T4 m'magazi. Inapezeka yokwera: chithokomiro chikugwira ntchito mopyola muyeso, matenda ofala kwa amphaka okalamba.

Kungoonana ndi dokotala, mapaundi 55. Magazi, 180. Chimene sanandiuze poyamba n'choti ukayamba kumupatsa mapiritsi a thiamazole ochepetsa mphamvu ya chithokomiro, magazi amayezedwanso pakapita milungu ingapo, chifukwa chithokomiro chikatsika matenda a impso amene anabisala amaonekera. Ulendo uliwonse ndalama ina, ndipo mapiritsiwo ndi a tsiku lililonse mpaka mphakayo adzafe.

Koma chimene chinandipweteka ndi a inshuwalansi ya ziweto kumene ndinamulembetsa mphakayu. Pafoni anandinyengerera kuti matenda onse adzalipira. Nditatumiza malisiti, anakafukula mabuku akale a kuchipatala, n'kupeza kuti mphakayu anayamba kutsika sikelo ndisanalembetse. Akuti matenda ndi akale, salipira ngakhale tambala, chonsecho mwezi ndi mwezi ankadula ndalama zanga osaphonya.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anandichitira chilungamo, namwino wa pachipatalapo. Anandiuza motsitsa mawu kuti ndili ndi ufulu wopempha kalata ya mankhwala n'kukagula kumafamase ovomerezeka a pa intaneti, kumene amatsika mtengo. Kalatayonso amalipiritsa, komabe zimapepuka. Anafotokozanso za jakisoni wa radioactive iodine amene nthawi zambiri amachiritsiratu kamodzi, kungoti mphaka amakagonekedwa kwayekha ndipo mtengo umene anandiuza unapitirira mapaundi 2,000. Ine wotumiza fizi kumudzi ndiwatenga kuti?

Inu amene mukubwera, wina akakupatsani mphaka wokalamba, funsani kaye mabuku ake a kuchipatala musanamunyamule. Akazengereza, kanani. Musaganize kuti mudzangomusiya adwale ngati pusi wa kuseri kwa nkhokwe, kuno lamulo limagwira mwini chiweto chimene chikuvutika osachipititsa kuchipatala. Ndipo kuyambira mu June 2024 mphaka wopanda microchip (kachipangizo kakang'ono komuzindikiritsa kamene amaika pansi pa khungu) ku England akhoza kukulipitsani chindapusa chofika mapaundi 500.