Lapbook, kope kapena mapepala a mafunso: mwana wamng'ono timupatse chiti?

Mwana akayamba kugwira pensulo, kholo lophunzitsira kunyumba limayamba kudzifunsa kuti zimene waphunzira lero azisunga pati. Ine ndayesa njira zitatu, ndipo sizilingana mphamvu.

Ndiyambe ndi lapbook, popeza ena dzinali angolimva. Mumatenga foda ya pepala lolimba n'kuitambasula, kenako mbali zake ziwiri n'kuzipindira mkati kuti zikumane pakati ngati zitseko za kabati. M'katimo mumamatamo timabuku ting'onoting'ono: kapepala kovundukula kamene kabisa yankho pansi pake, kathumba kosungira timakadi, kapepala kopindapinda kotambasuka, ngakhale kagudumu kozungulira. Foda imodzi imakhala ya mutu umodzi basi. Amene anatchukitsa kwambiri luso lopinda mapepala pophunzitsa ndi Dinah Zike, mphunzitsi wa ku America.

Yathu yoyamba inali ya gulugufe, mwana wanga ali ndi zaka 5. Pa kagudumu tinajambulapo magawo anayi a moyo wake: dzira, mbozi, chikwa ndi gulugufe wouluka. Pansi pa kapepala kena panabisala funso loti gulugufe ali ndi miyendo ingati, yankho lake 6. Kupanga kwake kunatitengera sabata yathunthu, kachidutswa kamodzi patsiku. Koma phindu lenileni ndinaliona titamaliza. Mlendo aliyense akafika, mwanayo ankathamangira kukatenga foda yake, n'kumufunsa mlendoyo mafunso, n'kumukonza akalakwa. Palibe amene anamutuma kubwereza phunziro, koma ankalibwereza yekha, mosangalala.

Apa m'pamene pagona mphamvu ya lapbook. Kapepala kovundukula kamachititsa mwana kuti ayambe wakumbukira yankho asanalione. Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anasonyeza kuti ophunzira amene ankayesa kukumbukira zimene awerenga ankazisunga bwino patatha sabata kuposa amene ankangowerenga mobwerezabwereza. Kafukufukuyo anachitika pa ophunzira a kuyunivesite, koma zomwezo ndimaziona patebulo langa mwana akaika chala pa kapepala n'kuima kaye kuti aganize.

Zovuta zake ndizinene mosabisa, chifukwa zinandipweteka. Lapbook imadya nthawi. Mwana wa zaka 4 sizasi amaigwira, koma kudula mokhotakhota kumamutopetsa msanga, ndiye kholo limalanda sizasiyo. Ine ndinafika potsitsa pa intaneti timabuku tokonzakonza kale, kusindikiza, kudula usiku ana atagona, m'mawa mwana n'kungomata pamene ndamulozera. Fodayo inatuluka yokongola kwambiri kuposa ya gulugufe ija. Mwanayo sanaitsegulenso ngakhale kamodzi. Sinali yake, inali yanga. Choncho ndikati lapbook ndi yabwino, ndikunena yokhota mizere, yothimbirira guluu, yojambulidwa ndi dzanja la mwana, ndipo mawu ake ndi amene iye wanena, ngakhale wolemba akhale inu.

Njira yachiwiri ndi kope. Mukamaliza kuwerenga kapena kuonerera chinthu, mwana amajambula pa tsamba limodzi n'kulembapo zimene wakumbukira. Ambiri amene amatsata njirayi amatengera maganizo a Charlotte Mason, mphunzitsi wa ku Britain amene anabadwa mu 1842 n'kumwalira mu 1923. Iye ankalimbikitsa maphunziro aafupiafupi, komanso kuti mwana azifotokoza m'mawu akeake zimene wamva, poyamba pakamwa, kulemba kuzibwera atakulirapo. Kope silifuna kukonzekera. Pensulo ndi makrayoni zakwana, ndipo masamba amatsatizana moti pakutha pa chaka mumaona bwino mmene dzanja ndi nzeru za mwana zakulira, pamene mafoda amabalalika ndipo ena amasowa pamene mwawaika.

Koma kwa mwana amene sanazolowere kulemba, tsamba loyera limaopsa. Wanga ankaliyang'ana n'kuyamba kutafuna pensulo. Kapepala ka mu lapbook n'kakang'ono, kamangofuna mawu awiri kapena atatu, ndiye mwana amaona kuti ntchitoyo itha. Kope linayamba kumuyendera atafika zaka 8, ziganizo zitayamba kutuluka zokha. Pamenepo iye mwini anayamba kudandaula kuti timapepala tija tikumuchepera, malo olembapo sakukwana.

Mapepala a mafunso osindikizidwa kale sindikhalitsapo. Ndi achangu, kuchonga n'kosavuta, ndipo tsiku limene mwadwala kapena khanda lakusowetsani tulo amakupulumutsani. Pa masamu ophatikiza ndi kuchotsera, komanso pozoloweretsa dzanja kulemba zilembo, ndimawagwiritsabe ntchito, chifukwa zinthu zimenezi zimafuna kubwereza kambirimbiri ndipo lapbook siikwanitsa. Kungoti pepala lotere likadzaza, ntchito yake yatha. Sindinaonepo mwana akukatenga pepala la mafunso la mwezi watha kuti aonetse agogo ake.

Nanga inu muyambire pati? Ngati mwana wanu ali pakati pa zaka 4 ndi 7, amakonda kugwiragwira zinthu, ndipo mutu wake ndi wa zooneka ndi maso monga nyama, zomera, nyengo kapena ziwalo za thupi, tengani lapbook, koma musapitirire timabuku 5 kapena 6 mufoda imodzi. Musapange ya phunziro lililonse ayi, mutopa nonse awiri. Imodzi pamwezi kwa ife inkakwana. Ngati muli ndi ana angapo amisinkhu yosiyana, mutu ukhale umodzi, wamng'ono apange foda, wamkulu alembe m'kope. Tsopano ife timasakaniza: mkulu uja amalemba tsamba lake, n'kumata kapepala kovundukula kamodzi pakona, pamene pali mfundo imene akufuna kudzadziyesa nayo.

Foda ya gulugufe ija ikadalipo. Kagudumu kake kanang'ambika, tinakamata ndi tepi, ndipo amene akukazunguza masiku ano ndi mng'ono wake.