Nyemba kapena khobwe pa dimba lothiriridwa ndi madzi a mchere?

Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo mvula ndi yambiri, ndipo imatsuka mchere m'nthaka. Vuto limabwera m'chilimwe, pa madimba othiriridwa ndi madzi a pa mjigo, makamaka kumunsi cha ku Phalombe kulowera ku nyanja ya Chilwa yomwe ilibe kotulukira madzi, ndi kutsetsereka kwa Thyolo kupita ku Chikwawa. Mukaona zoyera ngati phulusa pamwamba pa mzere, dziwani kuti mchere wayamba kuunjikana.

Mchere umapweteka mbewu kawiri. Poyamba mizu imalephera kukoka madzi, mbewu n'kufota dothi lili lonyowa. Kenako sodium, gawo limodzi la mchere, amalowa m'mizu, zina mwa njira zake zikhala zomwe zija zolowera potassium (chakudya cha mbewu), n'kukwera ndi madzi mpaka m'masamba. Mbewu imadziteteza: puloteni ya SOS1 imam'tulutsa m'muzu kubwerera m'dothi, HKT1 imam'chotsa m'mitsempha ya madzi asanafike kumasamba, pomwe NHX1 imam'tsekera m'kathumba ka mkati mwa selo. Zikalephereka, masamba akale ndiwo amayamba kupsa m'mphepete.

Nyemba n'zofooka kwambiri pa nkhaniyi. Mchere wa m'dothi ukangodutsa 1.0 dS/m (muyezo wa kuchuluka kwa mchere) zokolola zimayamba kutsika, pafupifupi 19 peresenti pa dS/m iliyonse yowonjezera. Pa 3 dS/m mwataya kale kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu. Chodabwitsa n'chakuti nyemba zimayesetsa kusunga sodium m'mizu, koma chloride, mnzake wa sodium mu mchere, amadutsa n'kukaotcha masamba. Timatuza ta pa mizu tomwe timapanga nayitrojeni natonso timachepa.

Khobwe sagwedezeka mpaka pa 4.9 dS/m, ndipo mchere ukadutsa pamenepo zokolola zimatsika ndi 12 peresenti yokha pa dS/m iliyonse yowonjezera. Pa dothi lomwe nyemba zapsa, iye amabereka ngati palibe kanthu, n'kukupatsaninso chitambe. Koma akadali mmera nayenso sapirira. Ngati muli ndi madzi a mvula osunga kapena a mumtsinje, sabata ziwiri zoyamba mum'patse amenewo.

Kusiyana komweku kulipo pa chimanga, chomwe malire ake ndi 1.7, ndi mapira omwe amafika 6.8. Matimati ali pakati, pa 2.5.

Nyemba zili ndi msika wabwino, n'chifukwa chake ambiri amazikakamira. Ngati madzi anu ayezedwa ndi kachipangizo koyezera mchere kotchedwa EC meter n'kupezeka pansi pa 0.7 dS/m, bzalani nyemba mosaopa. Akapitirira pamenepo, khobwe ndiye wanzeru, ndipo akadutsa 3 ngakhale iye amafuna dothi lotaya madzi msanga.

Chomwe chimapha mbewu zambiri ndi kathiriridwe. Madzi ochepachepa tsiku ndi tsiku amauma n'kusiya mchere pomwe pali mizu. Thirirani mokwanira kuti ena adutse kunsi kwa mizu, kenako phimbirani ndi udzu. Musabzale pansonga pa mzere pomwe mchere umasonkhana, bzalani m'mbali. Musamwaze madzi pa masamba. Feteleza wa potassium wotchedwa MOP mumupewe chifukwa amaonjezera chloride. Ndipo dothi likamamatirira osamwa madzi, mankhwala ake ndi ufa woyera wotchedwa gypsum, yemwe calcium wake amachotsa sodium pa dothi kuti madzi amutsuke. Laimu amene tinazolowera pa dothi lathu la asidi sasungunuka mokwanira pa dothi lotere.