Red Barn ku Museum of Flight, Seattle: nyenyezi zisanu

Anthu ambiri akangogula tikiti yolowera ku Museum of Flight, malo oonetserako ndege zakale, amathamangira kukaona ndege ya Concorde ndi Boeing 747 yoyamba ija. Sindikuwadzudzula, n'zochititsa kaso ndithu. Koma chomwe chinandigwira mtima ine ndi nyumba yofiira yamatabwa yotchedwa Red Barn, momwe kampani ya Boeing inakulira.

Nyumbayi inamangidwa mu 1909 kuti azikhomeramo maboti, ndipo William Boeing, yemwe anayambitsa kampaniyi, anaigula chaka chotsatira. Mu 1975 anaikweza yonse pa chombo n'kuiyendetsa mumtsinje wa Duwamish mpaka pomwe ili lero. Mkati mwake mumaona zida za akalipentala, nthiti zamatabwa za mapiko zisanakutidwe, ndi zithunzi za amayi akusoka nsalu zokutira mapikowo. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti mkuluyu anayamba ndi bizinesi yamatabwa, ndipo ndege zoyambirira zinali matabwa, nsalu ndi waya basi. Yoyamba, B&W, anaipanga mu 1916 ndi mnzake Conrad Westervelt.

Chomwe ndayamikira kwambiri n'chakuti nkhani yake ikuonetsa ndi nthawi ya mavuto. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha, maoda a asilikali anauma, kampani n'kuyamba kukhoma mipando, makabati ndi maboti kuti isatseke. Munthu wina akanangobwerera ku matabwa ake, koma Boeing anakakamira. Mu 1919 anauluka ndi woyendetsa ndege Eddie Hubbard kuchoka ku Vancouver kufika ku Seattle atanyamula makalata 60, ndipo mu 1927 anapata kontirakiti yonyamula makalata pakati pa Chicago ndi San Francisco. Zinandisangalatsanso kudziwa za Wong Tsu, injiniya wa ku China amene anathandiza kupanga Model C, ndege yomwe asilikali apamadzi a ku America anagula zokwana 50.

Mathero ake amandikhudzabe. Mu 1934 boma linalamula kuti opanga ndege asakhalenso eni kampani zoulutsa ndege, gulu la makampani a Boeing n'kugawidwa patatu. Boeing anagulitsa masheya ake n'kuchoka, ali ndi zaka 52 zokha.

Langizo langa: fikani m'mawa, yambirani ku Red Barn mutu usanatope, popeza zowerenga n'zambiri. Ana aang'ono satha kupirira nthawi yaitali m'menemo, choncho ngati muli akuluakulu awiri, sinthanani. Patulani tsiku lonse, ndipo valani nsapato zoyendera.