Sitima za Yamanote ku Tokyo: chitetezo chilipo, chifundo chikuperewera

Kwa inu anzanga a mu Lusaka amene mukulingalira za ulendo wa ku Japan, sitima za njanji ya Yamanote, yomwe imazungulira pakati pa mzinda wa Tokyo, zimasunga nthawi mogometsa, koma chimene ndikuyamikira kwambiri ndi khama la kampani ya JR East, yomwe imayendetsa sitimazi, poteteza anthu amene afika polingalira zodzipha. Mu 2009 kampaniyi inaika magetsi a buluu kumapeto kwa malo odikirira sitima pofuna kukhazika mitima ya anthu pansi, ndipo mu 2010, kuyambira pa masiteshoni a Ebisu ndi Meguro, inayamba kumanga mipanda yokhala ndi zitseko zimene zimatseguka pokhapokha sitima ikaima. Ife amene tinazolowera kudumpha njanji ya pamtetete popita ku Kamwala sitichedwa kuona phindu lake.

Chimene chimandiwawa mtima ndi mmene imfa zimenezi zimaonedwera. Munthu akafera pa njanji, chilengezo chimangotchula ngozi, okwera amalandira kapepala kokaonetsa kwa abwana kotsimikizira kuti sitima ndiyo inawachedwetsa, ndipo ena amadandaula za nthawi yawo, pakuti kumeneko kusokoneza anzako kumatengedwa ngati cholakwa chachikulu. Makampani a sitima amathanso kulamula banja loferedwa kuti lilipire ndalama zimene zatayika, zomwe kwa ife, amene timasonkha ufa ndi makala pamaliro, n'zovuta kuzimeza. M'dziko limene anthu oposa 30,000 ankadzipha chaka chilichonse kuyambira 1998 mpaka 2011, kulipiritsa anamfedwa kumangowonjezera manyazi amene amalepheretsa ovutika mumtima kupempha thandizo.