Puloti yathu ya ku Chileka: mmene kampani yogulitsa malo yatichitira

Anzanga a kuntchito akhala akundifunsa kuti kodi kampani ija munagulako malo ku Chileka njabwino kapena nafenso tingokataya ndalama, nde ndati ndingolemba zonse kamodzi aliyense aziwerengera yekha. Dzina la kampani sinditchula chifukwa nkhani yathu ndi iwowo sinathe, komanso ndaona kuti makampani ambiri amene akudula mapuloti mbali imeneyi kachitidwe kawo nkofanana.

Ife tinkachita lendi ku Zingwangwa zaka 9. Chomwe chinatidzidzimutsa ndi namondwe Freddy, March 2023 uja, titaona ndi maso athu zomwe matope ndi miyala yochokera m'phiri la Soche inachita ku Chilobwe. Bambo akunyumba anangoti mayi, malo athu tikadzagula asadzakhale m'mbali mwa phiri, tikufuna pansi pathyathyathya. Ndipo mu Blantyre muno malo athyathyathya otsala amene munthu wa salale ngati ine ndingawafikire ali mbali ya Chileka, Lunzu ndi Matindi, kwinaku mitengo yake ndi ya anthu ena. Aliyense akuthamangira konko, ukangodutsa pa raundabauti ya Kameza kulowera ku eyapoti uona wekha mipanda ya mabuloko ikumera m'minda momwe zaka zapitazo munali chimanga chokhachokha.

Tisanapite ku kampani tinayamba ndi dobadoba wina amene anationetsa malo atatu tsiku limodzi, onse akuti ndi a amalume ake, ndipo amafuna ya mayendedwe tisanaone n'komwe mwini malo. Zimenezo zinatiopsa, nchifukwa chake tinasankha kampani yokhala ndi ofesi yoti ukhoza kukagogoda mawa lake zinthu zikavuta.

Kumbali ya kalandiridwe ka anthu sindinganame, anatilandira bwino. Loweruka lina mu August 2023 anatinyamula pa minibasi yawo ulele kuchokera m'tauni, tinalipo mwina anthu 12, mnyamata wogulitsa atanyamula mapu a mapuloti onse, ogulidwa kale atawadetsa ndi cholembera chofiira. Kuchoka m'tauni kufika ku eyapoti ndi makilomita pafupifupi 16, ife tinakhota tisanafike, nkuyenda msewu wafumbi kamtunda ndithu. Malowo anali atawalambula bwino, timisewu atakokamo giredala, phiri la Michiru likuoneka poteropo, ndipo tili chiimire ndege inadutsa chapansi ikukatera moti mwana wathu wamng'ono anagwira chitenje changa nkumakuwa kuti amayi taonani matayala. Ine mtima unagwa pompo. Tinasankha puloti ya mamita 20 kwa 30 ya pakona.

Kalipiridwe ndi komwe ndingawayamikire kwambiri. Tinapereka dipoziti ya 40 peresenti, yotsalayo anatigawira miyezi 10, tikumalipira ku banki mu akaunti ya kampani osati m'manja mwa munthu, ndipo risiti imabwera pa WhatsApp tsiku lomwelo kenako ya pepala umakatenga ku ofesi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndinagona osagona poganiza kuti atikwezera, pakuti simenti, shuga, mafuta, chilichonse chinakwera sabata yomweyo. Sanatikwezere ngakhale tambala. Mayi wa ku akaunti anandiuza kuti amayi musadandaule, zomwe munasainirana ndi zomwezo, okwezeredwa ndi ogula atsopano. Mwezi wina tinachedwa masiku 12 chifukwa cha maliro kumudzi, ndinangowaimbira nkuwafotokozera, sanatidule chindapusa. Pamenepo ndiye anachita zaumunthu ndipo sindidzaiwala.

Mavuto anayamba titamaliza kulipira mu June 2024.

Loyamba ndi la mabikoni, zizindikiro zija amazika m'makona posonyeza malire a puloti. Mlamu wanga amene amamanga nyumba za anthu anatiuza kuti musathire maziko musanaitane saveya wanu wanu, osadalira wa kampani. Tinaona ngati nkuwononga ndalama koma tinamvera. Saveya atabwera ndi zipangizo zake anapeza mabikoni atatu okha, yachinayi tinaifukula pansi pa mzere wa mbatata patali ndi pomwe imayenera kukhala, kaya anaisuntha ndi olima kaya ndi a giredala. Atayeza bwinobwino mbali yakumsewu inatuluka mamita 17 m'malo mwa 20, chifukwa msewu womwe anajambula pa mapu ndi wotakata kuposa kamsewu kamene anakoka pansi, nde puloti ya pakona ngati yathu ndi imene imadyedwa. Mamita 3 kuchulukitsa ndi 30 ndi malo okwana khitchini yapanja ndi thanki ya chimbudzi, si pang'ono ayi. Ku ofesi ndinapitako katatu. Ulendo woyamba anati bwana kulibe, wachiwiri anati saveya wawo ali ku Lilongwe, wachitatu ndinapita ndi pepala la saveya wathu nkukhala pa mpando wa alendo kuyambira 9 koloko mpaka bwanayo anatuluka yekha. Ndinamuuza kuti bwana, ine sindinabwere kudzakangana, ndalipira 20 kwa 30, ndikufuna 20 kwa 30. Kunena zoona atangoona pepalalo sanatsutse, anatiwonjezera mamita atatuwo kumbuyo komwe puloti yake inali isanagulidwe, nkudzabzala mabikoni atsopano ife tilipo. Anakonza, inde, koma ndimadzifunsa kuti anzathu angati pamalopo amanga kale mpanda mumsewu osadziwa, poti si onse anaitana saveya.

Lachiwiri ndi madzi a mvula, ndipo ili ndi limene limandipweteka kwambiri chifukwa munthu anatichenjeza ife osamvetsa. Tsiku lomwe tinkasankha malo lija panadutsa agogo ena atasenza nkhuni, anaima nkutiyang'ana kenako anati, mwanangu, mwagula pano? Ndinati eya agogo. Anati chabwino, koma chakumunsi uko ife timadzalako mpunga ndi nzimbe, madzi ochoka kumtunda amagona pamenepo. Titafunsa mnyamata wa kampani anati aaa amayi amenewo ndi makedzana, pano pouma. Ndipo chaka choyamba panaumadi, koma inu mukukumbuka kuti dzinja la 2023 mpaka 2024 linali la ng'amba, boma mpaka linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mu March 2024. Mvula ya chaka chotsatira ndi imene inaulula zoona. Mu January 2025 tinapita titavala majombo, kamsewu kolowera kunali matope okhaokha, wa kabaza wa njinga yamoto anatitsitsa pa tala nkuti amayi uko sindilowa. Yathuyo mwamwayi ili chakumtunda, madzi amangodutsa m'mphepete, koma mapuloti a mzere wakumunsi anali m'madzi ofika m'akakolo, achule akulira masanasana, ndipo pali bambo wina amene nyumba yake inali itafika kale pa windo, khoma lake limodzi linang'aluka kuchoka pansi mpaka pamwamba. Kampani inadziwa kapena sinadziwe kuti pamenepo ndi dambo? Anthu a m'mudzimo onse amadziwa. Ngalande zomwe analonjeza pa tsiku logulitsa mpaka lero sanakumbe, tinachita kusonkherana eni mapuloti nkugula mapaipi awiri a simenti oika pa kamtsinje.

Za madzi akumwa ndi magetsi anatiuza kuti zili pafupi. Mawu akuti pafupi amenewa muziwafunsitsa kuti ndi mamita angati. Madzi ambiri amene Blantyre amamwa amachokera mu Shire ku Walker's Ferry ndipo amapopedwa kudutsa ku Chileka komweku asanakwere m'tauni, koma zimenezo sizitanthauza kuti paipi yafika pa puloti yako. Ife paipi yomwe tingalumikizeko ili kutali moti pafunika tisonkhe anthu ambiri, panopa omanga akugula madzi a m'madiramu kwa anyamata a ngolo kapena kutunga pa mjigo wa m'mudzi, pomwe umayenera kupereka kangachepe ku komiti ya mjigo, ndipo nzoyenera poti mjigowo ndi wawo. Mapolo a magetsi ali ku msewu waukulu, kwathu sanafike. Amene asamukira kale akugwiritsa ntchito sola. Apa sindikunena a madzi kapena a magetsi, iwowo sanatilonjeze kanthu, amene anatilonjeza ndi wogulitsa.

Nkhani yaikulu yomwe yatsala ndi mapepala. Pogula anati mukamaliza kulipira, miyezi 6 taitolo yanu yatuluka, kutanthauza chikalata cha boma chosonyeza mwini malo. Chomwe tili nacho mpaka pano ndi pepala la mgwirizano wogulitsana, marisiti, ndi kalata yosonyeza kuti puloti nambala yakuti ndi yathu. Malo ambiri mbali imeneyi ali kunja kwa malire a mzinda, ndi a m'manja mwa mafumu, dera lathuli ndi la T/A Kuntaja pansi pa khonsolo ya boma la Blantyre osati ya mzinda ya ku Chichiri ija. Kampani imagula minda kwa mabanja angapo, nkuiphatikiza, nkuyamba kudula mapuloti, ndipo kuti iwe udzakhale ndi lizi ya dzina lako, yomwe ndi taitolo ija, pafunika malo onsewo akhale ndi mapepala ake kaye, mapu ogawa mapuloti avomerezedwe ndi a mapulani, kenako aliyense apatsidwe yake. Malamulo a malo anasintha mu 2016 nkudzakonzedwanso mu 2022, moti kalata ya amfumu yokha yomwe makolo athu ankadalira siikutetezanso mokwanira. Ine ndinatopa ndi yankho loti zili mu process, ndinapita ndekha ku ofesi ya za malo nditanyamula nambala ya fayilo yomwe ndinachita kuikakamira ku kampani. Ndinapeza kuti fayilo ilipodi, si yabodza, zomwe zinandikhazika mtima pansi pang'ono, koma ndi ya malo onse pamodzi, kugawa kwa mapuloti athu kunali kusanafike pomwe ankatiuza. Akanangotiuza chilungamo poyamba kuti zitenga zaka, tikanagulabe, koma tikanadziwa kuti ngongole ya ku banki yomangira sitingaipeze msanga popanda taitolo.

Tinapitanso kukaonekera kwa amfumu a m'mudzimo, izi kampani sinatiuze koma apongozi anga ndi amene anati simungakhale pamudzi pa eni osakalonjera. Tinanyamula shuga ndi sopo. Amfumu anatilandira bwino, anaitanitsa ndi mayi wa banja limene linagulitsa munda umenewo, ndipo mayiyo ananena pamaso pa anthu kuti ndalama zawo analandira zonse, abale onse anagwirizana. Kwa ine mawu amenewo anali olemera kuposa risiti, chifukwa milandu yambiri ya malo imayamba ndi mphwake kapena mlongo amene sanafunsidwe pogulitsa.

Za phokoso la ndege ambiri amafunsa. Silivuta, ndege zake si zambiri pa tsiku ndipo mphindi imodzi yadutsa. Chimene muyenera kukonzekera ndi kutentha, Chileka ndi kotsika kuposa m'tauni, mu October masana pamawotcha zedi, nde ife tadzala kale mitengo ya mango ndi ya mthethe m'malire ndipo pulani ya nyumba tauza wojambula kuti mawindo akhale akuluakulu. Mayendedwe ndi osavuta ukafika pa tala, maminibasi a Chileka ndi ambiri, vuto ndi kamtunda kafumbi kaja.

Nde mukandifunsa kuti ndipereka zingati pa 5, ndipereka 3. Ndalama zathu sanadye, malo alipo ndipo ndi athu, anatisunga bwino nthawi ya kugwa kwa kwacha. Ziwiri ndawachotsera chifukwa cha anzanga a mzere wakumunsi amene anagulitsidwa dambo mu August, komanso taitolo. Mng'ono wanga akufuna kugula pa malo awo atsopano chaku Lunzu, ndamuuza kuti adikire February tikaone limodzi mvula ili mkati, ndipo nambala ya fayilo akaitenge asanapereke dipoziti. Ife maziko tathira, mabuloko 800 ali pamalo, Lachisanu likubwerali ndikupitanso ku ofesi kukafunsa za mapepala.