Labotale, mphete kapena HYDRUS: kuyeza dothi la ku Mangochi

Anzanga a m'masikimu a mthirira mwakhala mukundifunsa njira yomwe ndimadalira podziwa mmene madzi amayendera m'nthaka. Ndiyankhe kamodzi kuti foni ipume.

Rosetta, pulogalamu ya pakompyuta, ndi ya munthu wofulumira. Mumaika kuchuluka kwa mchenga, silt (dothi losalala la pakati pa mchenga ndi dongo) ndi dongo, iyo n'kukupatsani manambala ongoyambira a mmene dothilo limasungira ndi kudutsitsa madzi. Mphete ziwiri zachitsulo zomwe mumakhomera pansi n'kuthiramo madzi kuti muone mmene akulowera n'zotchipa, koma zimangonena za dothi lokhuta madzi, ndipo pa mchenga wa kunyanja mudzathyoka msana ndi zidebe.

Labotale ndiye ndidakali nayo kukhosi. Ndinadula zitsanzo 12 m'makande a kufupi ndi nyanja ya Malombe, m'tizitini tachitsulo, n'kutumiza ku Lilongwe mtengo titagwirizana. Patapita milungu itatu akuti pressure plate (chida choyezera madzi omwe dothi limagwira) ili ndi mtengo wakewake. Ndinalipira mokukuta mano. Koma chomwe chinandiwawa si ndalamayo. Makande akauma mu Okutobala amang'ambika ming'alu yoti chikhatho chimalowa, ndipo madzi oyamba amathamangira mmenemo. Kachitini ka masentimita 5 mng'alu wotero sikangautenge. Pepala la ku labotale linati madzi amalowa pang'onopang'ono, koma kumunda mizere itatu yoyambirira inameza madzi onse, ya kumapeto ili gwaa, alimi akundiyang'ana ine.

N'chifukwa chake ndinatembenukira ku HYDRUS-1D, pulogalamu yaulere yomwe Jirka Šimůnek ndi Rien van Genuchten ali m'gulu la oipanga. Iyo imayenda chambuyo. Mumathira madzi m'munda momwemo, n'kumalemba chinyontho pa masentimita 10, 30 ndi 60. Kenako imasinthasintha Ks (liwiro la madzi m'dothi lokhuta), komanso alpha ndi n (manambala a mmene dothi limagwirira madzi) za njira ya van Genuchten ya 1980, mpaka mzere womwe imajambula pakompyuta utagwirizana ndi zomwe mwayezazo.

Nayo imanama, musaiwone ngati mngelo. Ulendo woyamba ndinaisiya isake manambala asanu ndi chinyontho chokha. Mzere unatuluka wokongola. Nditasintha manambala oyambira, Ks inasinthiratu, mzere uli chimodzimodzi! Tsopano ndimakwirira tensiometer (chida choyezera mphamvu yomwe dothi lagwirira madzi) pambali pa pomwe ndikuyeza chinyontho, chinyontho cha dothi lokhuta ndimayeza ndekha n'kuchikhoma kuti pulogalamuyo isachisinthe, ndipo pa makande ndimasankha dual porosity, njira yowerengera madzi a m'ming'alu paokha ndi a m'dothi lenilenilo paokha.

Pa mchenga, mphete ndi Rosetta zikukwanirani. Pa makande, ine ndi HYDRUS, ngakhale imandidyera usiku. Tizitini tija panopa ndikusungiramo misomali.