Baren ya chingwe ndi matabwa a shina patatha miyezi 8

Zida za mokuhanga, luso la ku Japan lodinda zithunzi ndi thabwa losema ndi utoto wa madzi, sizionetsa khalidwe lake zikadali zatsopano. Ndemanga ino ndi ya zida zimene zagwira ntchito miyezi 8, kawiri kapena katatu pa sabata: baren ya chingwe cha nayiloni, matabwa omata a shina, mtengo wofewa wa ku Japan, ndi mapepala a kozo, opangidwa ndi ulusi wa khungwa la mtengo wa kozo.

Baren ndi kachimbale kokwana m'chikhatho kamene mumakhuzira kumbuyo kwa pepala kuti utoto uchoke pa thabwa. Ili ndi zigawo zitatu: chingwe chopota chozengedwa mozungulira, chimbale cholimba chochirikiza chingwecho, ndi khoko la nsungwi lokuta zonse. Mu hon baren, imene akatswiri amagwiritsa ntchito, chingwecho chimapotedwa ndi manja kuchokera ku timizere ta khoko la nsungwi, n'chifukwa chake ndi yodula. Ya nayiloniyi chingwe chake sichinasinthe, timfundo take tikadali tolimba. Chimene chimatha ndi khoko.

Khoko limabooka chifukwa timfundo ta chingwe timadya malo amodzimodzi. Mukadinda makope angapo, zunguzani chimbalecho pang'ono mkati mwa khoko kuti timfundo tisamukire pena. Mafuta a camellia, ofinyidwa ku njere za mtengo wa dzinalo, nawonso ndi ofunika: donthezani madontho awiri kapena atatu pa kansalu, kenako muzipukuta baren pamenepo. Musathire pa khoko penipeni, amadutsa n'kuthimbiriritsa pepala. Ngakhale mutasamala chotani lidzabookabe, ndipo kukuta lina ndi luso palokha. Kulungani khoko latsopano mu thaulo lonyowa mpaka lifewe, likhuzeni pa thabwa lolimba ndi mwala wosalala kuti mitsempha yake iphwe, liikeni pa chimbale, pindani m'mbali mukukoka, potani nsonga ziwirizo n'kuzimanga kuti zikhale chogwirira. Makoko awiri oyamba nthawi zambiri amang'ambika pokoka. Gulani ambiri.

Pamene baren iyi imaperewera ndi pa malo aakulu a mtundu umodzi wakuda bii pa pepala lochindikala. Pamafunika kudinda kawiri. Si vuto lalikulu ngati kento yanu ili bwino, koma apa ndi pamene shina wayamba kukhumudwitsa.

Kento ndi zizindikiro ziwiri zogobedwa m'mphepete mwa thabwa zimene pepala limatsamira kuti mitundu igwere malo ake. Kagi ndi ya pa ngodya, hikitsuke ndi yowongoka, ndipo kuya kwake kusapitirire makulidwe a mapepala awiri. Shina ndi wofewa. Akanyowa ndi kuuma kambirimbiri, mlomo wa kento umaphwanyika pang'onopang'ono, pepala n'kumalowa mopitirira. Theka la milimita likwanira kuti mtundu utuluke kunja kwa mzere. Musataye thabwa. Dulani kamng'alu ndi tchizulo cha kento pamalo oyenera, khomanimo kachidutswa ka mtengo wolimba kamene amati kuiki, kenako kasemeni kafanane ndi mlomo wakale. Ngodya ya pepala nayo imafota mukalibweza pa thabwa kasanu kapena kuposa. Ena amaipaka polishi ya zikhadabo yopanda mtundu kuti ilimbe.

Posema, shina amamvera mpeni ndipo satopetsa mkono. Koma chikamba chake cha pamwamba n'chopyapyala, pansi pake pali guluu, ndiye mizere yaing'ono yopingasa mitsempha ya thabwa imabenthuka, makamaka hangito, mpeni wosemera mizere, ukabuntha. Nolani pa mwala wa madzi wokhakhala pang'ono wa nambala 1000, malizani pa wosalala wa nambala 4000 kapena 6000, ndipo pendeketsani mpeni kuti mzere ukhale wotakata pansi ngati phiri. Pa matabwa a mitundu shina ndi wokwanira. Pa thabwa la mizere, lomwe limanyamula chithunzi chonse, yamazakura, mtengo wa cherry wa m'mapiri umene osema a ukiyo-e, zithunzi zodinda zakale za ku Japan, ankagwiritsa ntchito, udakali patsogolo. Mukatsuka matabwa, aimikeni chilili pamthunzi, asapindike.

Zolakwika zambiri zimene anthu amanamizira zida zimachokera ku madzi. Pepala lizinyowetsedwa usiku wonse pakati pa manyuzipepala achinyontho mu pulasitiki. Lizizizira mukaligunditsa pa tsaya, koma lisanyezimire. Kozo amafufuma akanyowa, choncho akauma pakati pa mtundu woyamba ndi wachitatu amachepa, kento n'kuoneka ngati yalakwa. Kukatentha, mulu wa mapepala onyowawo umachita chuku pakangopita masiku atatu kapena anayi. Ngati ntchito yaima, uikeni mu firiza. Nori, phala la ufa wa mpunga limene limagwira utoto, amaphikidwa ndi gawo limodzi la ufa ku magawo pafupifupi 8 a madzi, kutakasa mpaka lilimbe n'kuyamba kuonekera mkati. Likachepa pa thabwa pamatuluka timadontho ngati chitowe, goma-zuri, tokongola ngati mwatifuna. Likachuluka limaunjikana m'mphepete mwa mizere, tamari.

Nanga zonsezi munthu amazidziwira kuti? M'nthawi ya Edo ku Japan, 1603 mpaka 1868, wojambula, wosema ndi wodinda anali anthu osiyana, aliyense wophunzira kwa mbuye wake zaka zambiri. Kuyambira pa sosaku hanga, gulu la ojambula osema ndi kudinda okha limene linayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, nthawi zambiri munthu mmodzi amachita zonse, ndipo nzeru zimayenda pakati pa anzake. Pali misonkhano ngati International Mokuhanga Conference, umene unayamba mu 2011 ku Kyoto ndi Awaji, koma chimene chimaphunzitsa kwambiri ndi kusinthana zithunzi. Gulu la anthu 30 limagwirizana kukula kwa pepala ndi tsiku, aliyense adinde makope okwanira onse. Kutulutsa kope limodzi labwino n'kosavuta. Makope 30 ofanana ndi amene amaulula kento yotha ndi khoko lobooka.

Wodinda wozolowera akalandira chithunzi amayamba wachitembenuza. Kumbuyo ndi kumene kumaoneka njira za baren ndiponso ngati utoto unalowa mu ulusi wa pepala kapena unangokhala pamwamba. Choncho popempha malangizo onetsani mbali zonse ziwiri, tchulani mtundu wa pepala, ngati linapakidwa dosa, guluu wosakaniza ndi alamu amene amaletsa utoto kufalikira, ndi maola amene linakhala lonyowa.